WILLIAM COWPER NDI AKALULU ACE

William Cowper, mlembi wa ndakatulo ndi nyimbo za Mulungu, anabadwa ku Berkhamsted m'dziko la England caka ca 1731. Atate wace anali mbusa. Amace anamwalira iye ali ndi zaka 6, ndipo cisonico sicinamcokere masiku ace onse.

Atakula anaphunzira malamulo ku London. Caka ca 1763 anaitanidwa kukayesedwa pamaso pa akuru a dziko kuti alandire nchito ya ulembi. Koma mantha akuru anamgwira, mutu wace unasokonezeka, nayesa kudzipha. Abale ace anamtengera ku St Albans kwa dotolo wopembedza, Nathaniel Cotton. Kumeneko, powerenga Aroma 3:25, mtima wace unapeza mtendere.

Ataturuka anakhala m'banja la mbusa wina, Morley Unwin. Mbusayo atafa caka ca 1767, mkazi wace Mary anamsungabe Cowper, nasamuka naye ku mudzi wa Olney. Mbusa wa kumeneko ndiye John Newton, amene kale anayendetsa zombo za akapolo, koma Mulungu anamtembenuza. Awiriwa analemba buku la nyimbo 348, lochedwa Olney Hymns, limene linasindikizidwa caka ca 1779. Zoposa 60 za izo nza Cowper.

Koma bukulo lisanathe, caka ca 1773, nthenda ija inabwera. Analota loto loopsa, nakhulupirira kuti Mulungu wamtaya kosatha. Kuyambira pamenepo analeka kulowa m'nyumba ya mapemphero, nakhala phee pakhomo, wosafuna kuonana ndi anthu.

Caka cotsatira anansi anampatsa ana a kalulu atatu, nawacha Puss, Tiney ndi Bess. Kalulu, amene m'nthano ali mwini macenjerero, kwa wodwalayu anasanduka mtonthozi. Cowper anatenga sowo ndi nyundo nawapalira makola yekha. Anawadyetsa masamba, tirigu ndi mkate, ndipo madzulo anawamasula kuti asewere m'nyumba. Tiney anali waukali kufikira imfa yace. Bess anafa msanga. Puss anadwala masiku atatu, ndipo mbuye wace anamdwazika; atacira ananyambita dzanja lace, cala ndi cala. Akafuna kunka kudimba, anali kuguguda bondo la mbuye wace, kapena kuluma malaya ace ndi kukoka. Anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 12.

Cowper anagwiranso nchito zina zamanja. Anapala matebulo ndi mipando. Anaweta nkhunda ndi mbalame zina. Ndipo popeza dzikolo nlozizira, anabzala minkhaka ndi mavwende pansi pa magalasi, nazichinjiriza ku cisanu. Usiku anawerenga buku mokweza, Mary alikuluka masokosi. Pang'ono pang'ono anayambanso kulemba, ndipo ndakatulo yace yaitali, The Task, ya caka ca 1785, inabukitsa dzina lace m'dziko lonselo. Caka ca 1788 analembanso zotsutsa malonda a akapolo.

Mary atagwidwa ndi nthenda yakufa ziwalo, wosungidwayo anasanduka wosunga, namtumikira; ndipo Mary anamwalira caka ca 1796. Mwini wace anafa ku East Dereham pa 25 April, 1800, ali ciganizire kuti watayika. Koma mbale wace amene anaona mtembo anasimba kuti nkhope yace inaoneka yamtendere, monga ya munthu wozizwa ndi cinthu cokoma cimene sanaciyembekeze.

Pafupifupi mudzi uli wonse uli naye wodwala mtima wotere. Ena amseka, ena amuyesa wolodzedwa kapena wocimwa koposa anzace. Mary Unwin ndi John Newton sanatero. Sanakhoze kumcotsera mdima wace, koma anakhala naye, ndipo nchito zazing'ono za pakhomo zinamgwiriziza tsiku ndi tsiku. Nyimbo za munthu ameneyu, amene sanakhoze kudzitonthoza yekha, zamasuliridwa m'zinenero zambiri, ndipo zitonthoza olira kufikira lero lino.