Francesco wa ku Assisi ndi Chitsa Chophukira

Pa 4 October Eklezia akumbukira Francesco wa ku Assisi, amene m'mapemphero athu timutchula Fransisko Woyera. Kuno kwathu tsikuli lifika tchire litapsa, mitsinje itaphwa, njinga za makala zochokera ku Dzalanyama zili kudutsa pa Likuni mbandakucha. Akhristu ambiri amdziwa ngati woyera wa mbalame. Koma m'mbiri yake muli kanthu kena kokhudza nkhwangwa zathu, ndipo ndikufuna kuti akatekisti akakafotokoze m'miphakati.

Anabadwa m'chaka cha 1181 kapena 1182 m'mzinda wa Assisi, ku Italy. Atate ake, Pietro di Bernardone, anali mwini malonda a nsalu, munthu wachuma. Mwanayo anabatizidwa dzina la Giovanni atatewo ali pa ulendo ku France, ndipo pobwera anamutcha Francesco. Anakulira m'zofewa, namwaza ndalama pa maphwando ndi anyamata anzake. M'chaka cha 1202 anapita kunkhondo yomenyana ndi mzinda wa Perugia, nagwidwa, nakhala m'ndende pafupifupi chaka chathunthu. Anabwerako wodwala, ndipo zimene zinkamkondweretsa kale zinayamba kumsukulukira.

Tsiku lina anakumana ndi wakhate panjira. Iye amene ankanyansidwa ndi akhate anatsika pa kavalo, nampatsa ndalama, nampsompsona dzanja. Pambuyo pake, pofuna kukonza katchalitchi kakugwa ka San Damiano, anatenga nsalu za atate ake nakazigulitsa ku Foligno pamodzi ndi kavalo yemwe. Apa sitimuyamikira ayi, pakuti nsaluzo sizinali zake. Atate anamsumira kwa Episkopi Guido, ndipo pabwalo, anthu ali kuona, Francesco anabweza ndalamazo, navulanso zovala zonse naziika pamapazi pa atate ake. Chinali chaka cha 1206.

Anthu anayamba kumseka, kenaka anayamba kumtsata. M'chaka cha 1209 anapita ku Roma ndi anzake oyamba, ndipo Papa Innocent III anawalola kulalika. M'chaka cha 1212 namwali Clare anathawa kwao nayamba moyo womwewo; ana ake, masisitere a Poor Clares, tili nawo ku Lilongwe. Malamulo a chipani chake, amene Papa Honorius III anavomereza mu 1223, analetsa abale kulandira ndalama, kukhala eni nyumba kapena malo, ndiponso kukwera kavalo popanda matenda kapena chifukwa chachikulu. Mwana wa mwini nsalu anakhutira ndi mkanjo wazigamba ndi chingwe m'chiuno.

Tsono mverani zimene analemba Thomas wa ku Celano, mbale amene anamdziwa. Abale akapita kukatema nkhuni, Francesco ankawaletsa kugwetsa mtengo wonse, kuti upeze mpata wophukiranso. Mbale wosamala dimba anamuuza kuti asalime ponseponse, koma asiyeko kachigawo kuti zitsamba ndi maluwa a kutchire zimere mwa izo zokha. Sanaletse nkhuni, pakuti abale ankazizidwa ndipo ankaphika monga ife. Analetsa kudula kosasiya mawa. Aliyense wokulira ku Mitundu adziwa kuti mombo ndi msuku zimaphukira pachitsa, malinga chitsacho chisazulidwe, chisatenthedwe ndi lupsa, ndipo mbuzi zisadye mphukira zake. Makolo athu ankadziwa zimenezi asanamve dzina la Assisi.

Tisanamizane: Francesco sanadziwe kanthu za mpweya wa kaboni. Anali John Tyndall amene anasonyeza mu 1859 kuti mpweyawu umasunga kutentha, monga bulangete lisungira thupi. Moto uliwonse, wa nkhuni, wa makala, wa malasha kapena wa mafuta, umautulutsa. Mtengo wamoyo umaukoka ndi masamba ake nkuusunga m'thunthu ndi m'mizu. Makina a malasha asanachuluke munali magawo 280 a mpweyawu pa magawo miliyoni a mpweya wa mlengalenga. Tsopano apitirira 420. Dziko likatentha mvula isokonezeka, ndipo nyanja zofunda ziwonjezera mvula ya namondwe. Sitinaiwale Freddy, amene anapha anthu mazanamazana kumwera mu March 2023.

Ngongole yaikulu pa mlanduwu ili kwa mafakitale, magalimoto ndi ndege za maiko olemera. Gawo la Mmalawi mmodzi ndi laling'ono ndithu. Iwowa ndiwo adzukulu a Pietro, ndipo sindiona mankhwala ena kwa iwo koma aja mwana wake anamwa, ndiwo kuchepetsa. Komabe nafe tili ndi pathu. Nkhalango ya Dzalanyama, yotetezedwa ndi boma kuyambira 1922, ndiyo gwero la mtsinje wa Lilongwe ndi madamu a ku Malingunde amene amwetsa mzinda wonse. Inadulidwa kotero kuti mu 2015 anachita kutumizako asilikali. Nkwapafupi kutukwana wa njinga uja, amene apalasa usiku wonse kuti ana ake adye. Koma thumba lakelo litsikira pakhomo pa wina, ndipo kawirikawiri winayo ndi ife a malipiro a pamwezi. Mbaula ya chitetezo, youmbidwa ndi dothi, idya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu. Mlimi wa fodya wa ku Nathenje akabzala mitengo m'mizere kuti ikhale mizati yamoyo ya chigafa, sadulanso mitengo ina chaka ndi chaka. Ndipo womanga ndi njerwa zosaotcha apulumutsa mitengo imene uvuni ukadameza m'masiku atatu.

Papa John Paul II anaona bwino pamene mu 1979 anaika Francesco kukhala nkhoswe ya onse osamala chilengedwe, ndipo kalata ya Papa Francis ya 2015, Laudato si', inatenga dzina lake ku nyimbo ya zolengedwa imene woyerayu anapeka.

Nyimboyo sanaipeke ali pabwino. M'chaka cha 1224, pa phiri la La Verna, analandira m'thupi mwake mabala a Ambuye Yezu. Maso ake anali kufa, ndipo kuwala kwa dzuwa kunkamupweteka. Ali gone m'kachisakasa pa San Damiano, mbewa zili kumyenda pathupi, ndi pamene anayamika Mulungu chifukwa cha dzuwa, mphepo, madzi, moto ndi nthaka, naziyesa abale ndi alongo ake. Sing'anga atabwera ndi chitsulo chamoto kudzamtentha pambali pa diso, iye anapempha motowo mwaulemu kuti umchitire chifundo, nautsira chizindikiro cha mtanda.

Atamva kuti imfa yayandikira, anapempha kuti amtengere ku Porziuncola, kumene chipani chake chinayambira, ndi kuti amgoneke pa dothi lenileni wopanda chovala. Mkulu wa nyumbayo anambwereka mkanjo, namuuza kuti si wake, kotero kuti sangaupatse munthu wina. Ndipo Francesco anakondwa. Anamwalira madzulo a pa 3 October 1226, asanapitirire zaka 45. Patapita zaka ziwiri zokha, mu 1228, Papa Gregory IX anamlemba m'gulu la oyera.