Robert Laws

Robert Laws (28 May 1851 – 6 August 1934) anali dokotala komanso m'busa wochokera ku Scotland amene anatumikira ku Malawi zaka 52. Ntchito yake ya chipatala inayambira ku Chembe m'boma la Mangochi, ndipo amakumbukiridwa kwambiri chifukwa chophunzitsa anthu a m'dziko muno kuti azithandiza okha odwala a kwawo.

Ubwana ndi maphunziro

Laws anabadwira mumzinda wa Aberdeen. Bambo ake anali mmisiri wa matabwa, ndipo iye anayamba waphunzira luso lomwelo. Kenaka analowa yunivesite ya Aberdeen, naphunzira zaudokotala, ndipo anachitanso maphunziro a ubusa. Asanabwere ku Africa anagwirapo ntchito pakati pa odwala nthomba ku Glasgow.

Ku Chembe

Mu 1875 Laws anali m'gulu la amishoni a Livingstonia lotsogozedwa ndi E. D. Young. Sitima yawo ya Ilala inalowa m'nyanja ya Malawi pa 12 October chaka chomwecho, ndipo Mfumu Mponda inawalola kukhazikika ku Cape Maclear. Mu March 1876 Laws anachita opaleshoni yochotsa chotupa pamwamba pa diso la mnyamata wina atamugoneka ndi mankhwala a chloroform. Mbiri yake inawanda, odwala nayamba kubwera kuchokera kutali.

Komabe malowo anali ndi malungo ambiri, ndipo pa nthawiyo kunali kusanadziwike kuti matendawa amafala ndi udzudzu. Anzake angapo anamwalira, kuphatikizapo Dr William Black mu 1877, ndipo manda awo akadalipo ku Chembe. Mu 1881, chaka chimene Albert Namalambe anakhala munthu woyamba kubatizidwa pamishonipo, likulu linasamukira ku Bandawe.

Sukulu ya ku Khondowe

Bandawe nayenso sanali malo athanzi. Choncho mu 1894 Laws anakwera kumapiri a Khondowe, kumene anatsegula sukulu ya Overtoun. Kumeneko achinyamata ankaphunzira uphunzitsi, ubusa, ukalipentala, kusindikiza mabuku ndi ntchito yothandiza madokotala. Iye ankaona kuti dokotala mmodzi sangathe kufikira midzi yonse, kotero kuphunzitsa eni dziko kunali kofunika mofanana ndi kupereka mankhwala. Anakokanso madzi a m'mipope kufika pamishoni, ndipo chipatala cha David Gordon Memorial chinamangidwa m'nthawi yake. Ena mwa ophunzira a sukuluyi ndi Levi Mumba ndi Clements Kadalie.

Zaka zomaliza

Laws anachoka ku Malawi mu 1927 ndipo anamwalira ku London mu 1934. Cholinga chake choti Overtoun ikhale koleji ya maphunziro apamwamba sichinatheke ali moyo. Chinadzakwaniritsidwa mu 2003, pamene Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP inatsegula yunivesite ya Livingstonia pamalo omwewo.