Charles Byrne, chimphona chimene chidamanidwa manda

Charles Byrne adabadwa m'chaka cha 1761 kumpoto kwa Ireland, kufupi ndi nyanja ya Lough Neagh. Makolo ake adali a msinkhu wamba, koma iye adangotalikiratalikira mpaka kufika mamita 2.31. Posowa chifukwa, anthu a kwawo adapeka nthano yoti mayi ake adatenga pathupi ali pamwamba pa mulu wa udzu.

Kwa mnyamata wosaukayu, msinkhu ndiwo udali chuma chokha. Adayendayenda ku Scotland akudzionetsa kwa anthu olipira, ndipo mu 1782 adafika ku London, kumene adatchuka ndi dzina loti Irish Giant. Ulemererowo sudakhalitse. Oonerera adayamba kuchepa, iye adalowerera m'mowa, kenaka akuba adamusolola ndalama zonse zimene adasunga, mapaundi pafupifupi 700. Adamwalira pa 1 Juni 1783 ali ndi zaka 22 zokha.

Byrne ankadziwa kuti madokotala akulakalaka thupi lake. Masiku amenewo kutumbulidwa ukafa chidali chilango cha zigawenga zopha anthu, choncho adapempha anzake kuti adzamuike m'bokosi lamtovu ndi kumumiza m'nyanja. Koma dokotala wotchuka wa maopaleshoni, John Hunter, adapereka chiphuphu, mtembo nkubedwa pa ulendo wopita ku Margate. Adauwiritsa mpaka kutsala mafupa okhaokha, amene pambuyo pake adaimikidwa mu Hunterian Museum. Kwa Mmalawi wodziwa kulemera kwa mawu otsiriza a munthu, uku kudali kuba koposa kwa osolola m'thumba aja.

Komabe mafupa obedwawo adayankha funso limene Byrne adapita nalo osalidziwa yankho. Mu 1909, dokotala wa ubongo wa ku America, Harvey Cushing, adayang'ana m'kati mwa chibade chake napeza kuti kamphako kamene mumakhala kachiwalo kotchedwa pituitary nkotambasuka kwambiri, chizindikiro choti mudali chotupa. Kachiwaloka nkakang'ono ngati njere ya nandolo, kali pansi pa ubongo, ndipo kamatulutsa mahomoni, kuphatikizapo wokulitsa thupi. Chotupa chikachititsa kuti homoni ameneyu achuluke mwa mwana, mwanayo amatalika mopyola muyeso. Chikayamba munthu atakula kale, msinkhu susintha, koma manja, mapazi ndi nsagwada zimakula, mutu umapweteka, maso amayamba kufooka, ndipo shuga ndi mtima zimavuta. Madokotala amatcha matendawa acromegaly.

Gwero lenileni lidadziwika mu 2011, pamene gulu la Pulofesa Márta Korbonits la ku London lidafalitsa zimene lidapeza mu DNA yochotsedwa m'mano a Byrne. Jini yotchedwa AIP, kachigawo ka malangizo a chibadwa kamene kamathandiza kuletsa zotupa zoterezi, idali yolakwika. Cholakwika chomwecho chidapezekanso m'mabanja anayi a ku Northern Ireland, ndipo ofufuzawo adawerengera kuti onsewa ndi Byrne adachokera kwa kholo limodzi la zaka pafupifupi 1,500 zapitazo. Zotupa zambiri za pituitary sizichokera kumtundu, ndipo ambiri mwa otengera jini yolakwikayi sadwala nkomwe, ngakhale mwana aliyense wa munthu woteroyo akhoza kuitengera kapena ayi, theka kwa theka. Phindu lake nlakuti abale a wodwala angathe kuyezedwa msanga, ndipo chotupa chikapezeka chili chaching'ono chimachotsedwa kudzera m'mphuno kapena kugonjetsedwa ndi mankhwala, mwana asadafike pamene Byrne adafika.

Kwa zaka zambiri anthu ena akhala akupempha kuti chifuniro chake chikwaniritsidwe, makamaka popeza DNA yake idatengedwa kale. Mu Januwale 2023 oyang'anira Hunterian Museum adalengeza kuti mafupawo sadzaonetsedwanso pagulu. Adakana kuwamiza m'nyanja, ndipo akuwasungabe kaamba ka kafukufuku.