Wa pa madola 100 uja ankamwa madzi

Inu amalonda ndi ana asukulu, nkhope ili pa ndalama ya madola 100 ija ndi ya Benjamin Franklin. Anabadwira ku Boston mu 1706, sukulu nkulekeza ali ndi zaka 10. Pophunzira ntchito yosindikiza kwa mkulu wake, anasiya kudya nyama, ndalama yotsalayo nkumagulira mabuku. Ku London anzake apantchito ankapapira mowa pangongole, malipiro nkumathera komweko. Iye ankamwa madzi basi. Mu 1729 iye ndi mnzake anagula nyuzipepala ya Pennsylvania Gazette. Pofika 1748, ali ndi zaka 42, anapuma pa bizinesi chuma chilipo. Anamwalira mu 1790. Nanga inu abale, phindu mwapata leroli ligona kuti usiku uno?