Bambo A. M. Jones, Mphunzitsi Amene Anachera Khutu ku Ng'oma

Arthur Morris Jones anabadwa ku England m'caka ca 1889. Atadzozedwa unsembe mu Mpingo wa Anglican, anafika ku Northern Rhodesia m'caka ca 1923, wotumidwa ndi Mishoni ya U.M.C.A., yomwe ija inamanganso ku Msoro. Kuyambira 1929 anali mkuru wa St Mark's College, sukulu ya aphunzitsi yodziwika ndi malo ace a ku Mapanza.

Masiku amenewo kuimba kwa pa sukulu kunali do, re, mi, ndi nyimbo za ku Ulaya zotembenuzidwa m'zinenero za kuno. Ng'oma ndi kalimba zinkatsala kumudzi, popeza ambiri anaziyesa zacikunja. Koma Bambo Jones anaona cobvuta. M'zinenero zathu liu limakwera ndi kutsika, ndipo tanthauzo limatsata pomwepo, monga mtengo wa m'thengo usiyana ndi mtengo wa pa msika. Cuni ca ku Ulaya cikakweza liu loyenera kutsika, mau amapotoka. Cifukwa cace iye analimbikitsa kuti nyimbo za Mulungu ziimbidwe ndi macuni a eni dziko.

Za ng'oma anaphunzira kwa oimba eni ace. Anakonza makina olemba pa pepala kugunda kuli konse kwa dzanja, napeza kuti ng'oma iri yonse iri ndi mayendedwe ace, opingasana ndi a inzace mwa lamulo. Cimene alendo anacicha phokoso cinali luso lakuya. Analemba za ici m'caka ca 1934, ndipo mu 1952 anaturutsa buku la gule wa Icila wa Alala pamodzi ndi L. Kombe.

Atabwerera kwao mu 1950, anaphunzitsa za nyimbo za mu Africa ku London kuyambira 1952 kufikira 1966. Buku lace lalikuru, Studies in African Music, linasindikizidwa mu 1959. Anamwalira m'caka ca 1980.

Mphunzitsi wa kwa Nyalugwe, ku Nyimba kapena ku Petauke safuna makina otere. Ana ace amabwera m'mawa ali nazo kale nyimbo za pa mtondo, za m'nthano ndi za nsongwe. Akaziletsa pa khomo la sukulu, mwana adzayesa kuti nzeru za makolo ace nzamanyazi. Akazilandira, nafunsa akuru a m'mudzi matanthauzo ace, do, re, mi adzapeza pokhazikika.