Mário Coluna, kaputeni wa mu 1966

Nditafufuza mayina a osewera 22 a timu ya Portugal pa Chikho cha Dziko Lonse cha 1966, ndinapezamo ana anayi a ku Moçambique: Eusébio, Hilário, Vicente ndi kaputeni wawo, Mário Coluna. Inali nthawi ya atsamunda, mbendera yathu kunalibe.

Coluna anabadwa mu 1935, napita ku Benfica mu 1954. Anagoletsa m'mafainolo a ku Ulaya a 1961 ndi 1962, konseko Benfica n'kupambana. Ufulu utabwera anabwerera kumudzi, naphunzitsa Textáfrica ya ku Chimoio mpaka kutenga chikho cha 1976, kenako n'kutsogolera bungwe la mpira m'dziko muno. Anatisiya mu 2014 ku Maputo.

Ambirife timangoti Eusébio, Eusébio. Ayi ndithu, bambo ameneyunso ana athu amudziwe.