DOTOLO OSMAN HILL NDI CIROMBO CA KU NKHATA BAY

Mwa abale athu amene ali pa nchito kuno ku Durban, ku Phoenix ndi m'madera ena a gombe lino, sasowa ocokera ku Nkhata Bay, pakuti Atonga anayamba kalekale kutsika kumwera kudzafuna nchito. Iwowa akafunsa akuruakuru a kwao za Ufiti wa ku Limphasa, kapena adzapeza wina wokumbukira mbiri yace. Lero tifuna kulongosola moyo wa Mzungu amene dzina lace silimveka m'midzi mwathu, koma amene anayesa kuweruza mlandu wa cirombo cimeneco, ndi wa zirombo zina ziwiri za maiko akutali, zimene eni maikowo amati ziri ngati munthu koma si munthu.

William Charles Osman Hill anabadwa pa 13 Julaye 1901, naphunzira mu mzinda wa Birmingham ku England, natsiriza maphunziro a udotolo m'caka ca 1924. Koma mtima wace sunali pa kuciritsa odwala. Iye anakonda kutumbula matupi ndi kuyang'ana kapangidwe kace, mafupa, mitsempha ndi mano, ndi kulinganiza thupi la munthu ndi la nyani. M'caka ca 1930 anamuitana ku cisumbu ca Ceylon, cimene tsopano cichedwa Sri Lanka, kuti akaphunzitse ofuna udotolo mu mzinda wa Colombo, ndipo anakhala kumeneko kufikira 1945. Pakhomo pace anaweta nyama zamitundumitundu, makamaka kanyama ka maso akuru konga canga, koyenda usiku pang'onopang'ono, kamene Azungu akacha loris. Analowanso m'nkhalango kukaceza ndi Avedda, ndiwo mtundu wakale wa alenje a pa cisumbuco.

Avedda anali nayo mbiri ya makolo ao yonena za Nittaewo, tianthu tatifupi taubweya, ta zikhadabo zazitali, tolankhula ngati kulira kwa mbalame, timene tinakhala m'mapiri a kum'mwera ca kum'mawa. Amati tinali kubvuta anthu, kufikira Avedda anatipitikitsira m'phanga, naunjika nkhuni pakhomo pace, nasonkha moto masiku atatu, natitha tonse. Mcewa wakumva ici sadzalephera kukumbukira Akafula, amene ena awacha Amwandionerapati, anthu aafupi amene makolo athu anawapeza m'dziko. Za Akafula umboni ulipo, pakuti zida zao zamwala ndi zithunzi zofiira za m'mapanga a ku Dedza zioneka kufikira lero. Za Nittaewo palibe pfupa ngakhale limodzi lapezeka. Komabe Dotolo Hill sanaseka mbiriyo monga anacita Azungu ambiri. M'caka ca 1945 analemba kuti kapena Nittaewo anali otsala a mtundu wa munthu wakalekale amene mafupa ace anafukulidwa ku Java m'caka ca 1891. Apa tiona khalidwe lace limene anakhala nalo moyo wace wonse: kumvera eni dziko mwaulemu, ndipo nthawi zina kuthamangira patsogolo pa umboni.

Atabwerera kwao anaphunzitsa zaka zisanu ku Edinburgh, ndipo m'caka ca 1950 anapatsidwa nchito yotumbula nyama zonse zakufera m'munda waukuru wosungira nyama wa ku London. Kwa munthu wina nchitoyi ikadakhala yonyansa. Kwa iye inali nkhokwe yodzala. Anyani ndi apusi a ku Africa, a ku Asia ndi a ku America anafika pa gome lace, iye nawayesa, nawajambula, nalemba. M'caka ca 1953 linaturuka buku loyamba la mabuku ace akuru olongosola pfuko lonse la anyani, amoyo ndi akufa kale, ndipo ndi mabuku amenewa amene anamchukitsa pakati pa ophunzira a dziko lonse lapansi. Cifukwa cace, pakapezeka ubweya kapena pfupa losadziwika mwini wace, ambiri anali kulitumiza kwa iye.

Masiku omwewo mbiri ya Yeti inawanda ku Ulaya. Asherpa a m'mapiri a Himalaya ku Nepal, kumene cipale cofewa sicisungunuka pa nsonga, amati kuli cirombo caubweya coyenda ndi miyendo iwiri. M'caka ca 1951 Eric Shipton, wokwera mapiri, anajambula phazi lalikuru pa cipaleco, ataika nkhwangwa yace pambali kuti ukuru wace uoneke, ndipo cithunzico cinadabwitsa anthu. Nyuzipepala ya Daily Mail inatumiza gulu la ofunafuna m'caka ca 1954: odziwa nyama, wojambula, mtolankhani, ndi amtengatenga mazana osenza mahema ndi zakudya. Anayenda miyezi ingapo m'zigwa zozizira, natsata mapazi, natola ndowe ndi ubweya, koma cirombo sanaciona. Pambuyo pao anadza Tom Slick, mwini cuma ca mafuta wa ku Texas, amene analipira maulendo atatu, mu 1957, 1958 ndi 1959, ndipo Dotolo Hill anali mmodzi wa alangizi ace. Iye mwini sanakwera mapiriwo. Nchito yace inali kulandira zimene anzace anatola ndi kunena cimene ziri.

Apa pali nkhani imene sitingathe kuiyamikira. M'kacisi wa amonke a cipembedzo ca Buddha pa mudzi wa Pangboche munasungidwa dzanja louma limene eni ace anati ndi la Yeti, ndipo analiyesa cinthu copatulika. M'caka ca 1959 Peter Byrne, wa m'gulu la Slick, anacotsako cala cimodzi, namangirirapo pfupa la cala ca munthu m'malo mwace. Byrne ananena kuti amonke anabvomera atalandira mphatso ya ndalama; ena asimba kuti cinatengedwa mwakabisira. Pofuna kucituritsa m'dziko la India, anacipereka kwa James Stewart, wochuka wa m'zithunzi za kanema, ndi mkazi wace Gloria, amene anacibisa m'bokosi la zobvala zace za mkati kufikira London. Wina atalowa m'kacisi wa Mbona ku Khulubvi, nacotsamo kanthu kuti akakayese ku Ulaya, Amang'anja sangakhale cete, ngakhale atawauza kuti ncifukwa ca maphunziro. Dotolo Hill analandira calaco, ndipo mtima wace unagwedezeka pa ico: poyamba anaciona conga ca munthu, koma pambuyo pace anapendekera ku ganizo lakuti cifanana ndi ca Neanderthal, mtundu wa anthu umene unatha kalekale. M'caka ca 1960 Sir Edmund Hillary, uja anakwera Everest pamodzi ndi Tenzing Norgay mu 1953, anatsogolera gulu lina, nabwereka cikopa ca pamutu ca pa mudzi wa Khumjung, napita naco ku Chicago, Paris ndi London pamodzi ndi mkuru wa mudziwo wocilondera. Oyesa anapeza kuti cinaumbidwa ndi cikopa ca serow, nyama ya m'mapiri yonga mbuzi. Ambiri analekera pomwepo kukhulupirira za Yeti, koma Hill polemba m'caka ca 1961 anasiya khomo lotseguka.

Tsopano tibwerere kwathu. Caka ca 1959 cinali ca misozi ku Nkhata Bay, pakuti pa 3 Marichi asilikari anaombera khamu la anthu pa dooko, pamene andende a Congress anali m'sitima ya Mpasa, naphapo anthu osacepera 20. M'mwezi wa Ogasiti caka comweco, mitima isanakhazikike, anthu anayamba kuona cinthu cacikuru cakuda m'mphepete mwa nkhalango pafupi ndi mtsinje wa Limphasa, pamene anali kukonza mseu ndi ulalo. Sicinali nyani, pakuti cinalibe mcira. Sicinali pusi kapena ncima, pakuti msinkhu wace unayandikira wa munthu. Cinali kukhala m'mtengo ndi kupenyerera anchito ndi magalimoto, osathawa. Anthu anacicha Ufiti. Azungu polemba anamasulira dzinali ngati mzukwa, koma ife eni cinenero tidziwa kuti liu limeneli ndi lolemera koposa pamenepo, ndipo lisonyeza mantha a anthu amene anaona cinthu cosakhala m'mbiri ya makolo ao.

Ufiti anasiyana ndi Yeti pa cinthu cimodzi cacikuru: iye anaoneka masana, najambulika. Zithunzi zinatengedwa kuciyambi kwa caka ca 1960, ndipo m'mwezi wa Marichi linafika gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi B. L. Mitchell ndi C. S. Holliday, wa nyumba yosungira zakale ya Rhodes-Livingstone ku Livingstone. Anamtsata m'nkhalango masiku owerengeka, naona madyedwe ace ndi mayendedwe ace, nasindikiza zimene anapeza caka comweco m'magazini ya ophunzira a kuno, South African Journal of Science. Anatsimikiza kuti anali cimpanzi wamkazi, wamkuru msinkhu. Cimpanzi ndi nyama ya m'nkhalango za ku Congo, Uganda, kumadzulo kwa Tanzania ndi maiko a kumadzulo kwa Africa. Ilibe mcira, imanga cisa m'mtengo madzulo kuti igonemo, ndipo mwa nyama zonse ndiyo mbale wapafupi wa munthu.

Koma yankho limeneli linabala mafunso ena. Acimpanzi apafupi ali kum'mawa kwa nyanja ya Tanganyika, mtunda wa mamailosi mazana angapo, ndipo pakati pali madambo, midzi ndi mapiri. Nanga iyeyu anafika bwanji ku Limphasa? Ndiponso maonekedwe ace anali acilendo: nkhope ndi makutu zakuda bii, ndi imvi pamsana zonga za gorila wamphongo wokalamba, ngakhale iye anali wamkazi. Ena anati anali woweta, wothawa kapena wotayidwa ndi munthu wocokera ku Congo, ndipo ndico cifukwa sanaopa anthu. Dotolo Hill anasonkhanitsa zithunzi ndi malipoti onse, nalemba za iye m'caka ca 1963, napendekera ku ganizo lakuti kapena m'nkhalango zowirira za ku Nkhata Bay muli mtundu wa acimpanzi wa pa wokha umene ophunzira sanaulembe. Ife tiona kuti ganizoli linali ndi cilema cimodzi coonekeratu. Acimpanzi akhala m'magulu, ndipo apfuula kwambiri. Gulu lao silingabisike kwa Atonga amene alima cinangwa, asaka nyama ndi kusema mabwato m'nkhalango zomwezo mibadwo yambiri. Akadakhalamo, akadakhala ndi dzina m'Citonga, monga nyani ali nalo. Ndipo ciyambire nthawiyo palibe cimpanzi wina wagwidwa kapena kujambulidwa m'chire la Malawi.

Matsiriziro a Ufiti ndi acisoni. M'caka ca 1964, miyezi yocepa dziko lisanalandire ufulu wace pa 6 Julaye, anamgwira, namtumiza ku munda wosungira nyama wa ku Chester ku England, kumene anafika m'mwezi wa Marichi. Anafooka msanga, ndipo m'mwezi wa Epulo anamupha kuti asazunzike. Potumbula anapeza cifuwa cacikuru, nthenda imene acimpanzi kawirikawiri aitenga kwa anthu. Ku Limphasa anakhala zaka zoposa zinai, alikudzidyetsa yekha. Ku England sanatha miyezi iwiri.

Nthawi imeneyo Dotolo Hill anali atacoka kale ku London. Kuyambira 1962 kufikira 1969 anali waciwiri kwa mkuru wa Yerkes, malo ophunzirira za anyani ku America, ndipo pambuyo pace anabwerera ku England, nalimbikira mabuku ace ngakhale thupi linayamba kufooka. Buku lonena za anyani a m'minda mwathu, aja akuba cimanga, linaturuka mu 1970, ndi lomariza mu 1974. Onse pamodzi ndi mabuku 8. Anamwalira pa 25 Januwale 1975 asanafike pa acimpanzi ndi agorila, ndipo motero mabuku amene anamtengera zaka zoposa makumi awiri alibe gawo la nyama zimene ziri pafupi koposa ndi munthu. Bungwe la ophunzira za anyani la ku Britain limkumbukira ndi mphotho yochedwa dzina lace.

Milandu imene iye sanatha kuiweruza ndi maso ndi muyeso, ena aiweruza ndi njira yatsopano yoyesa DNA, ndiko kuti cizindikiro ca mtundu cimene ciri m'kacidutswa kali konse ka thupi. M'caka ca 2017 ophunzira otsogozedwa ndi Charlotte Lindqvist anayesa zinthu 9 zonenedwa kuti nza Yeti, mafupa, ubweya, cikopa, dzino ndi ndowe. 8 zinali za zimbalangondo za ku Asia, ndi cimodzi ca garu. Cala ca ku Pangboche cinapezeka m'bokosi pakati pa katundu amene Dotolo Hill anasiyira Royal College of Surgeons ku London, ndipo m'caka ca 2011 anaciyesa ku Edinburgh, napeza kuti ncala ca munthu. Dzanja lotsalalo amonke analibenso, pakuti linabedwa m'kacisi mwao m'zaka za m'ma 1990.